Mafunso a Owerenga: Puloteni ya NOTCH3 ndi Sitiroko ya Kumtundu

FUNSO: Akonzi, achimwene anga aakulu anadwala sitiroko ali ndi zaka 46, chonsecho sasuta fodya, alibe matenda a shuga ndipo magazi awo sathamanga. Bambo athu nawonso anafa ziwalo asanakwanitse zaka 50, ndipo m'zaka zawo zomaliza ankaiwala ngakhale mayina a ife ana awo. Madokotala atawajambula achimwenewo m'mutu ndi makina a MRI ndi kuyeza magazi awo, anatiuza kuti ali ndi matenda otchedwa CADASIL, ndipo kuti gwero lake ndi puloteni ina yotchedwa NOTCH3. Ine ndimadziwa kuti mapuloteni ndi zakudya zomanga thupi. Kodi puloteni imeneyi ndi yotani, imagwira ntchito yanji, ndipo zimatheka bwanji kuti kanthu kosaoneka ndi maso kagwetse bambo ndi mwana wawo yemwe? — Mayi wina wowerenga

YANKHO: Pepani kwambiri mayi ndi zimene banja lanu likudutsamo. Mwafunsa bwino, chifukwa CADASIL, amene ndi matenda a kumtundu owononga mitsempha ing'onoing'ono ya magazi ya muubongo, ndi amodzi mwa matenda ochepa amene munthu angathe kuwamvetsa kuchokera ku gwero lake lenileni, ndipo gwerolo lili m'kapangidwe ka puloteni yomwe mwaitchulayo.

Mapuloteni amene timadya safika m'maselo athu mmene alilimo. Thupi limawagaya mpaka atasanduka tizidutswa totchedwa ma amino asidi, amene alipo a mitundu 20, kenako selo lililonse limalumikiza tizidutswato m'ndondomeko yatsopano kuti lipange mapuloteni akeake. Ndondomekoyo inalembedwa m'majini amene timatengera kwa makolo athu. Jini ya NOTCH3 ili pa kromozomu 19 (makromozomu ndi timitolo ta majini ta m'selo), inagawika m'zigawo 33, ndipo selo likaiwerenga limapanga unyolo wa ma amino asidi 2,321. Mwa munthu wamkulu puloteniyi imapezeka makamaka pa maselo a minofu amene amakulunga mitsempha ing'onoing'ono yotumiza magazi, komanso pa maselo otchedwa pericyte amene amakumbatira timitsempha tating'ono kwambiri. Maselo amenewa ndi amene amafinya mtsempha kapena kuumasula kuti magazi adutse ochuluka monga mmene akufunikira pa nthawiyo.

NOTCH3 siyandama m'magazi. Imakhazikika pa khungu la selo, ndipo imaliboola kamodzi kokha, kotero kuti mbali yake yaikulu ili kunja kwa selo, kachigawo kakafupi kali m'kati mwa khungulo, ndipo mbali yotsala ili m'kati mwa selo. Mbali yakunjayo ndi imene tiyenera kuiyang'anitsitsa. Inapangidwa ndi timfundo 34 tofanana, tondondozana kamodzi pambuyo pa kanzake, ndipo kalikonse kali ndi ma amino asidi pafupifupi 40. Akatswiri amatitchula kuti timfundo ta EGF chifukwa timafanana ndi puloteni ina ya dzina limenelo. Pambuyo pa timfundoti, pafupi ndi khungu la selo, pali tizigawo tina titatu tomwe timaphimba malo amene puloteniyo imayenera kudulidwa, kuti isadulidwe nthawi isanakwane.

Tiyeni titenge kamfundo kamodzi mwa timfundo 34 tija. M'kati mwake muli amino asidi wina wotchedwa cysteine, ndipo amapezekamo kasanu ndi kamodzi, osapitirira kapena kuperewera. Cysteine ali ndi sulufule, ndipo sulufule wa cysteine mmodzi amagwirana mwamphamvu ndi sulufule wa mnzake. Choncho asanu ndi mmodziwo amagwirana awiriawiri: woyamba ndi wachitatu, wachiwiri ndi wachinayi, wachisanu ndi wachisanu ndi chimodzi. Zomangira zitatu zimenezi ndi zimene zimapinda kamfundoko kuti kakhale kolimba ndi kooneka monga momwe kayenera kuonekera. Mukachulukitsa, mupeza kuti timfundo tonse 34 tili ndi ma cysteine 204 omangana m'zomangira 102, ndipo palibe ngakhale mmodzi wotsala wopanda mnzake. Kusatsala kumeneku ndiye nkhani yonse ya CADASIL, ndipo tikubwererako posachedwa.

Ntchito ya NOTCH3 ndi kulandira uthenga kuchokera ku selo loyandikana nalo. Selo loyandikanalo, mwachitsanzo limene layala m'kati mwa mtsempha, limakhala ndi puloteni yake pa khungu lake, monga yotchedwa Jagged1. Maselo awiriwo akakhudzana, Jagged1 imagwira NOTCH3 cha pa timfundo ta nambala 10 ndi 11, kenako selo la Jagged1 limayamba kuikokera m'kati mwake. Kukokako ndi kwenikweni, kwa mphamvu, ndipo kumasuntha tizigawo titatu tophimba tija mpaka malo obisika aja aonekere. Apa puloteni yodula yotchedwa ADAM10 imadula NOTCH3 chakunja pang'ono kwa khungu la selo, ndipo ina yotchedwa gamma-secretase imadulanso m'kati mwa khungulo. Mbali ya m'kati ija ikamasuka, imapita ku phata la selo kumene kuli majini, imakalumikizana ndi puloteni yotchedwa RBPJ, ndipo pamodzi zimadzutsa majini a magulu a HES ndi HEY. Uthenga umene umafika kwa selo la mnofu ndi wakuti likhwime, likhale pamalo pake, ndipo lisunge khalidwe la selo la mtsempha wotumiza magazi. Puloteni iliyonse imapereka uthenga kamodzi kokha. Mbali ya m'kati ija ili ndi mchira wotchedwa PEST umene umachititsa kuti iwonongedwe msanga ikatha ntchito, ndipo mbali yakunja nayonso imayenera kuchotsedwa.

Njira yotumizirana uthenga imeneyi ndi yakale kwambiri m'zamoyo, ndipo anthu anayamba kuidziwa kudzera mu tintchentche ta pa zipatso. Mu 1914, John Dexter anaona tintchentche tina tokhala ndi mapiko obenthuka m'mphepete, ndipo mu 1917 Thomas Hunt Morgan analemba za jini yochititsa zimenezo, imene imatchedwa Notch. Ntchentchezo zili ndi jini imodzi ya Notch, pamene anthufe tili nazo zinayi. Kugwirizana kwa yachitatu ndi sitiroko kunatulukira ku France: mu 1993 gulu la Elisabeth Tournier-Lasserve ndi Marie-Germaine Bousser linasonyeza kuti vutoli lili pa kromozomu 19, ndipo mu 1996 Anne Joutel ndi anzake anatsimikiza kuti jini yake ndi NOTCH3.

Tsopano tifike pa chimene chinachitika m'banja lanu. Pafupifupi mwa odwala onse a CADASIL, chilembo chimodzi cha jini chimakhala chosinthika, ndipo kusinthako kumachititsa kuti kamfundo kamodzi kakhale ndi ma cysteine asanu kapena asanu ndi awiri m'malo mwa asanu ndi mmodzi. Nthawi zambiri amino asidi wotchedwa arginine ndi amene amalowedwa m'malo ndi cysteine wowonjezera. Taganizirani anthu asanu ndi mmodzi amene agwirana manja awiriawiri, kenako pabwera wachisanu ndi chiwiri. Dzanja lake silikhala phee, amalanda mnzake wa wina kapena amatambasula n'kugwira munthu wa gulu lina. Cysteine wotsalayo amachita chimodzimodzi. Amasokoneza kapindidwe ka kamfundo kake, ndipo amamangana ndi cysteine wa puloteni ina ya NOTCH3 yoyandikana nayo, iyonso n'kugwira ina, mpaka mbali zakunja zambirimbiri zitamatirirana kukhala zibuma zimene thupi likulephera kuchotsa.

M'chaka cha 2000, gulu la Joutel linasonyeza kuti chimene chimaunjikana m'mitsempha ya odwala ndi mbali yakunja yokhayo. Munthu akaika kachidutswa ka mtsempha pa maikulosikopu yamphamvu ya ma elekitironi, amaona timilu takuda tamiseche titatsamira pa maselo a minofu, nthawi zina titalowa m'timaenje ta pa khungu la selo. Madokotala amatitchula kuti GOM, ndipo timilu timeneti ndi chizindikiro chodalirika cha matendawa. Zibumazi zimakokanso mapuloteni ena amene pawokha alibe vuto, monga TIMP3 ndi vitronectin, ndipo iwo akachuluka pamalo amodzi amasokoneza kagwiridwe ntchito ka khoma la mtsempha. Zaka zikamapita, maselo a minofu amafooka ndi kufa, khoma limakhuthala ndi kuuma, ndipo mtsempha umalephera kumasuka pamene ubongo ukufuna magazi ambiri.

Pali mfundo imodzi imene ndikufuna muigwiritse, chifukwa anthu ambiri amaiphonya. CADASIL si matenda a kuperewera kwa puloteni. Mwa odwala ambiri, NOTCH3 yosinthikayo imalandirabe uthenga ndi kuupereka ndithu. Mbewa za m'labotale zimene anazichotsera jiniyi zimakhala ndi mitsempha ya makoma opyapyala ndi osakhwima bwino, koma sizikhala ndi timilu ta GOM. Chowononga ndi kuunjikana kwa mbali yomatirira ija, kumene kumachitika pang'onopang'ono kwa zaka makumi angapo. N'chifukwa chake bambo anu ndi achimwene anu anakula bwinobwino osadziwa kanthu, ndipo n'chifukwa chakenso palibe chakudya kapena mankhwala owonjezera mapuloteni amene angakonze vutoli. Wina akakuuzani kuti ali ndi zoterozo, musamumvere.

FUNSO: Ndamva kuti puloteni imeneyi ili m'mitsempha ya thupi lonse. Nanga bwanji ubongo wokha ndi umene umavulala, ndipo munthu amayamba kumva chiyani? — Bambo wina wowerenga

YANKHO: Zimene munamvazo n'zoona bambo. Timilu tija timapezeka m'mitsempha ya pakhungu, ya m'minofu, ya mu impso ndi m'ziwalo zina, ndipo n'chifukwa chake madokotala amatha kudula kachidutswa kakang'ono ka khungu n'kupeza umboni wa matenda a muubongo. Koma ubongo uli ndi zinthu ziwiri zimene zimauika pachiopsezo chachikulu. Choyamba, ngakhale kuti umalemera pafupifupi magawo 2 pa 100 alionse a thupi, umagwiritsa ntchito pafupifupi magawo 20 pa 100 a mpweya wa okosijeni umene thupi limagwiritsa ntchito munthu akamapumula, ndipo sungathe kusunga chakudya choti n'kudalira magazi akachepa. Chachiwiri, mbali za m'kati mwenimweni mwa ubongo zimadyetsedwa ndi timitsempha tatitali, topyapyala, tolowa pansi kuchokera pamwamba kapena kuchokera kutsinde, ndipo timitsemphati sitilumikizana kwenikweni ndi tinzake. Kamodzi kakatsekeka, palibe njira yolambalala, ndipo kadera kamene kamadalira kamtsemphako kamafa n'kusiya kabowo kosapitirira mamilimita 15.

Mbali imene imavulala kwambiri ndi yoyera ya ubongo, momwe mumadutsa minyewa yolumikiza zigawo zosiyanasiyana. Pa chithunzi cha MRI, madera ovulalawo amaoneka owala, ndipo mwa odwala CADASIL kuwalako kumakonda kuoneka kutsogolo kwa zigawo za ubongo za m'mbali, cha kuseri kwa litsipa, malo amene matenda a kuthamanga kwa magazi sawakhudza kawirikawiri. Zizindikiro za pa chithunzizi zimayamba zaka zambiri munthu asanamve kanthu.

Kwa odwala ena, pafupifupi mmodzi mwa atatu alionse, choyamba kubwera ndi mutu waching'alang'ala umene umatsogozedwa ndi zinthu zachilendo monga kuona kuwala kothwanima, dzanzi la mbali imodzi kapena kulephera kulankhula kwa kanthawi, ndipo izi zimayamba kawirikawiri munthu ali m'zaka za m'ma 20 kapena 30. Sitiroko imabwera makamaka m'zaka za m'ma 40 ndi 50, ndipo imakonda kubwerezabwereza. Chizindikiro chimene ine ndimaona kuti mabanja amachimvetsa molakwika kwambiri ndi mphwayi. Munthu amene anali wachangu amangokhala, safuna kuyamba chilichonse, ndipo achibale amayamba kumunena kuti wachita ulesi kapena wasiya kuwakonda, chonsecho ndi minyewa ya kutsogolo kwa ubongo imene yaduka. Kuganiza kumayamba kuchedwa, kukonza mapulani kumavuta, ndipo kuiwala kwenikweni kumadza pambuyo pake, limodzi ndi kuvutika kuyenda ndi kumeza.

FUNSO: Ine ndi mng'ono wanga tonse tinapezeka ndi jini yosinthika, koma iye akudwala kale pamene ine ndili bwinobwino. Kodi anayeza molakwika? — Mayi wina wowerenga

YANKHO: Kusiyana kotere, mayi, kumapezeka kawirikawiri, ndipo sikutanthauza kuti panali kulakwitsa. Anthu a banja limodzi, okhala ndi kusintha kofanana ndendende, amatha kusiyana ndi zaka zambiri pa nthawi yoyamba kudwala. Kafukufuku wasonyeza kuti kusuta fodya ndi kuthamanga kwa magazi kumafulumizitsa sitiroko mwa anthu okhala ndi jiniyi, ndipo majini ena onse amene munthu ali nawo amathandizanso kusiyanitsa.

Pakati pa mabanja osiyana pamakhalanso chifukwa china, chimene chikutibwezeranso ku kapangidwe ka puloteni: zimadalira kuti cysteine wotsalayo ali pa kamfundo kati. Ofufuza a ku Leiden ku Netherlands anapeza kuti anthu amene kusintha kwawo kuli pa timfundo ta 1 mpaka 6 amadwala sitiroko pafupifupi zaka 12 msanga poyerekeza ndi amene kusintha kwawo kuli pa timfundo ta 7 mpaka 34. Gulu lomwelo linapeza mu 2016 kuti m'nkhokwe zikuluzikulu za majini a anthu wamba, pafupifupi munthu mmodzi mwa 300 ali ndi kusintha kokhudza cysteine mu NOTCH3, pamene CADASIL yodziwika kuchipatala imapezeka mwa anthu 2 mpaka 5 okha pa 100,000 alionse. Ambiri mwa anthu ochulukawo kusintha kwawo kuli pa timfundo takumapeto, ndipo amatha kukalamba ndi zizindikiro zochepa. Ku Taiwan ndi pa chilumba cha Jeju ku South Korea, kusintha kumodzi kotchedwa R544C n'kofala kwambiri, ndipo odwala ake amayamba kudwala mochedwerapo. Choncho funsani adokotala anu kuti kusintha kwa m'banja lanu kuli pa kamfundo ka nambala chani, chifukwa yankholo lili ndi tanthauzo.

FUNSO: Mwamuna wanga ali ndi CADASIL ndipo tili ndi ana atatu, wamkulu wa zaka 22 ndi awiri amene akadali pasukulu. Kodi onse atenga? Tiwayezetse? Nanga pali mankhwala? — Mayi wodandaula

YANKHO: Munthu aliyense ali ndi majini awiri a NOTCH3, ina yochokera kwa mayi ndi ina kwa bambo, ndipo imodzi yokha yosinthika ndi yokwanira kuyambitsa matendawa, chifukwa puloteni yomatirirayo imaunjikana ngakhale pali ina yabwino pambali pake. Mwana aliyense wa amuna anu ali ndi mwayi wa theka woti watenga ndi theka woti sanatenge, kaya ndi wamwamuna kapena wamkazi. Mwayiwo umawerengedwa payekhapayekha, kotero n'zotheka kuti onse atatu anatenga, n'zothekanso kuti palibe amene anatenga. Mwana amene sanatenge sangapatsire ana ake.

Pa nkhani yoyezetsa, malangizo a akatswiri a za majini ndi akuti ana osakwana zaka 18 amene alibe zizindikiro asayezedwe, ndipo ine ndimagwirizana nawo ndi mtima wonse. Kudziwa sikungasinthe chithandizo chilichonse pa msinkhu umenewo, koma kungamusenzetse mwana nkhawa imene sanasankhe. Wamkulu wa zaka 22 uja ali ndi ufulu wosankha yekha, ndipo ayenera kukhala pansi kaye ndi mlangizi wa za majini kapena dokotala wa ubongo asanaperekeko magazi, kuti aganizire mmene zotsatira za mbali iliyonse zingakhudzire moyo wake, banja limene angadzamange ndi ntchito yake. Ena amasankha kudziwa, ena amasankha kusadziwa, ndipo onsewo sakulakwa.

Mankhwala ochotsa zibuma kapena oimitsa matendawa palibe pakadali pano. Mankhwala a donepezil, amene amaperekedwa kwa odwala matenda oiwala a Alzheimer, anayesedwa pa odwala CADASIL ndipo zotsatira zofalitsidwa mu 2008 sizinasonyeze phindu pa muyeso waukulu umene ankayembekezera. Chimene chili m'manja mwanu ndi kuteteza mitsempha imene ikadagwira ntchito: amuna anu asasute fodya ngakhale pang'ono, magazi awo aziyezedwa pafupipafupi kuti asathamange komanso asatsike mopitirira, shuga ndi mafuta a m'magazi zisamalidwe, ndipo azichita zolimbitsa thupi monga angathere. Malangizo omwewa ndi oyenera kwa ana anu onse, oyezedwa ndi osayezedwa omwe. Za mankhwala osungunula magazi, kuphatikizapo asipulini, asayambe okha, chifukwa mitsempha ya odwala CADASIL imathanso kudontha magazi pang'onopang'ono, ndipo dokotala ndi amene ayenera kuyeza phindu ndi chiopsezo atayang'ana chithunzi cha MRI. Akakhala kuti apangidwa opaleshoni, ogonetsa auzidwe za matendawa. Nkhope ikapindika mwadzidzidzi, mkono ukafooka kapena mawu akayamba kusokonekera, pitani nawo kuchipatala nthawi yomweyo ngakhale zizindikirozo zitatha zokha.

Ofufuza akulimbana ndi puloteniyo mwachindunji m'njira ziwiri zikuluzikulu. Yoyamba ndi kuchititsa selo kudumpha chigawo cha jini chimene chili ndi kusinthako pamene likuwerenga, kuti puloteni ituluke yofupikirapo koma ma cysteine a kamfundo kalikonse abwerere pa asanu ndi mmodzi. Gulu la ku Leiden linasonyeza mu 2016 kuti izi zimatheka m'maselo a odwala olimidwa m'labotale, ndipo puloteni yofupikayo inkalandirabe uthenga. Yachiwiri ndi kugwiritsa ntchito asilikali a chitetezo cha m'thupi otchedwa ma antibody, opangidwa mwapadera kuti agwire mbali yakunja ya NOTCH3. Mu 2018, gulu la Joutel ku Paris linapereka asilikali oterowo kwa mbewa zokhala ndi matendawa, ndipo mitsempha ya muubongo mwawo inasunga mphamvu yake yomasuka pamene magazi akufunika, ngakhale kuti timilu tija sitinachepe. Njira zonse ziwirizi zikadali pa maselo ndi nyama za m'labotale, ndipo sizinafike poperekedwa kwa odwala m'zipatala.